Mowa umene Yotamu Daka anataya

Tikambenji mwana wanga,

Munthu amene anandiwononga ndi Yotamu Daka. Ndayamba ndi iye chifukwa ukapanda kudziwa zimene anachita, sungamvetse chimene chinandinyamula pampando pa Sondo paja, n'kukalowa m'nyumba ndi kumenyetsa chitseko pamaso pa alendo ako. Umamudziwa. Ndi mdala uja wa ku Woodlands amene anakupatsa Baibulo la zipi utakhoza giredi seveni, yemwe uja pa maliro a amayi ako analankhula mpaka anthu anayamba kuyang'ana mawotchi. Iwe umati agogo a Daka. Ine kwa zaka makumi anayi ndakhala ndikumupatsa moni ndi manja awiri, malovu ali owawa m'kamwa.

Mawa ukwera ndege kupita ku Norway kukakwatiwa ndi Sitiyani wako. Lero wapita ku Kamwala kukasankha zitenje za apongozi ako, ndipo ine ndakhala pakhonde ndi cholembera kuchokera pamene unatseka geti. Sukulu yanga inathera panjira, ndiye zolemba zanga uzipirire. Kukamba pakamwa ndalephera. Chiyambire pa Sondo ukundipatsa tiyi osandiyang'ana kumaso, ndipo ndikudziwa chimene chili mumtima mwako: adadi ndi a mpingo, akwiya chifukwa ndachita zachikunja pabwalo pawo. Si zimenezo ayi. Ukhale pansi, uwerenge mpaka kumapeto.

Ndikukumbutse zimene ndinaona, kuti udziwe kuti maso anga anali pomwepo. Munakhala mozungulira pansi pa mtengo wa mapeyala, iwe, Sitiyani ndi anzanu aja a ku Kabulonga. Sitiyani anatulutsa nyanga ya ng'ombe yopalidwa bwino, n'kuthiramo mowa wa uchi umene munafulula nokha m'chigubu. Unali utandiuza kuti nyanga izungulira katatu: ulendo woyamba kutchula milungu ya makolo a kwawo kwa Sitiyani, wachiwiri kutchula akufa, wachitatu kulumbira, ndipo zotsala mutsira pansi. Wina anatchula uja wa diso limodzi. Wina uja wa nyundo, amene amati ndiye mwini mabingu. Iwe unatchula mkazi wina woyenda pa ngolo yokokedwa ndi amphaka. Pamenepo ndinafuna kuseka, koma ndinadzigwira.

M'mawa wa tsiku lomwelo ndinali nditakufunsa kale. Ndinati, "Kodi si iwe unabwera kuchokera ku koleji n'kutiuza kuti kulibe Mulungu, amayi ako mpaka analira sabata yathunthu?" Unati, "Adadi, na manje sinikhulupilila. Kulibe wa diso imodzi, kulibe wa nyundo, kulibe aliyense kumwamba uko. Koma nikagwila nyanga ija, nimvela monga nili na anthu kumbuyo kwanga." Ndinati, "Nanga ukutsirira yani?" Unaseka, unati, "Nitsila chabe. Vifunika kuti kukhale wolandila?" Unaganiza kuti wandigonjetsa. Chimene chinanditseka pakamwa n'choti funso limenelo ndakhala nalo ine iwe usanabadwe.

Ulendo wachiwiri wa nyanga ndiwo unandibaya. Sitiyani anatchula agogo ake, atate a agogo akewo, atate awo, ndi atate awonso, asodzi onse, mayina anayi osapunthwa. Nyanga itafika kwa iwe unatchula amayi ako Esinati. Kenako unaima, n'kutembenukira kwa ine pakhonde, unati, "Adadi, agogo aamuna anali ndani zina?" Unafunsa ngati ukufunsa kumene ndaika kiyi wa kubafa. Mzungu wochokera ku dziko la chisanu akudziwa mayina anayi, mwana wanga wobadwira ku Chelstone sakudziwa limodzi. Sindinakwiyire iwe. Ndinathawa manyazi anga. Wolakwa ndine, ndipo amene anandiyambitsa ndi Daka.

Tsopano ndikuuze chimene sindinauzepo munthu wamoyo. Inenso sindikhulupirira. Wandiona Sondo iliyonse ndi jekete yanga yakuda, buku la nyimbo m'khwapa, benchi yachinayi kumbali ya amuna. Wandimva ndikuimba besi. M'kati munalibe kanthu. Chikhulupiriro changa sichinagwe tsiku limodzi ayi, chinangotha pang'onopang'ono monga mmene sopo amathera, ndipo tsiku lina ndili mnyamata wodula nsalu m'sitolo ya ku Kamwala ndinapeza kuti ndikupemphera kwa denga. Sindinamve chisoni, sindinamve mantha. Ndinangotola sizasi yanga n'kupitiriza ntchito. Ndiye pamene iwe unabwera ndi mabuku ako kudzatiuza nkhani yatsopano, ine ndinali nditakhala nayo zaka zambiri m'thumba. Ndinakusiya ukangane ndi amayi ako wekha. Kumeneko kunali kulakwa, ndipo undikhululukire.

Atate anga anali kuki wa azungu ku Kabulonga. Anamwalira ndi chifuwa, tinawaika ku Chingwere. Amayi anga, aNaphiri, anabwera kudzakhala nane ku Kabwata, ine ndi amayi ako tili ndi mwana mmodzi yekha, achimwene ako Masauso, ali wakhanda. Chitatha chaka amayi anandiitana kuseri kwa nyumba. Anati, "Yelemiya, atate ako akuyendayenda. Ndimawalota ataima pakhomo ndi epuloni yawo, osalowa, osachoka. Tiwaphikire bona, ndimete, ndivule chakudachi." Iwe sudziwa bona, poti sindinakuuze. Ndi mowa umene kwathu ku Chadiza amafulula pakatha chaka munthu atamwalira. Amautsira pansi n'kumutchula dzina kuti agone, namfedwa amameta tsitsi kachiwiri, amavula zakuda, maliro atha. Kumudzi kunali kutali, abale a atate sanabwere, ndiye ntchito inagwera ine.

Ndinkadziwa kuti atate sakuyenda kulikonse. Anali m'dothi lofiira la ku Chingwere, basi. Koma amayi ankaonda ndikuona. Ndipo inenso chaka chonsecho ndinali ndi chinthu chonditsamwa pachifuwa chimene nyimbo za m'buku sizinachisunthe. Ndinagula chimanga, amayi anachinyika, anayala chimera pamasaka kuseri kwa nyumba. Ndinapeza dilamu, ndinawaza nkhuni, ndinatunga madzi kupompi ndisanapite ku ntchito. Masiku amenewo, Tika, ndiwo oyamba amene ndinamva kuti ndikuchitira atate anga kanthu ndi manja anga. Palibe amene ankalandira. Koma chotsamwa chija chinayamba kutsika. Ndiye pamene unati umamva ngati uli ndi anthu kumbuyo, sindinafune wondimasulira. Usalole munthu akuuze kuti popeza sukhulupirira, zimene ukuchita ndi masewera. Usadziuzenso wekha choncho. Ndibwereranso ku mawu amenewa.

Kupusa kwanga kunali kuitana Daka. Tinachokera dera limodzi, tinakwera basi imodzi kubwera ku Lusaka. Asanapeze ntchito yake ya ukalaliki mu ofesi ku Longacres anagona m'chipinda changa miyezi yambiri, ndipo nyama imene atate ankabweretsa kuchokera kukhitchini ya azungu anadya nawo, mafupa omwe. Ndinati munthu uyu atate anamudyetsa, ayenera kukhalapo. Lachisanu masana anabwera, amayi anamutungira pang'ono m'chipanda kuti alawe. Anamwa, anapukuta pakamwa, anati, "Amama, dzanja lanu silinakalambe. Uwu ukamugoneka mdala mpaka kuliza mkonono." Amayi anaseka. Kanali koyamba kuwamva akuseka chimwalirire atate. Chimene ine sindinachiganize n'choti mwezi womwewo mpingo wathu unali kusankha akulu, ndipo dzina la Daka linali pakati pa atatu opikisana.

Loweruka m'mawa amayi anakhala pamphasa. Azakhali ako a Tisauke anali ndi lumo, atameta kale mbali imodzi ya mutu. Ine ndinagwada, chikho chodzaza m'manja, pakamwa nditatsegula kuti nditchule dzina. Ndipo anatulukira pakona ya nyumba: Daka patsogolo, jekete ndi tayi, abusa ndi akulu awiri pambuyo. Sanandiyang'ane. Anati, "Abusa, ndi izi ndimakamba. Za ziwanda, pakati pa tauni, m'nyumba ya Mkhristu." Anaika phazi pa dilamu n'kukankha. Mowa wa masiku asanu ndi awiri unayenda m'ngalande mpaka kumsewu, abakha a aneba akuuthamangira. Chikho anandilanda ndi mmodzi wa akulu aja. Amayi sanalire. Anatola duku lawo lakuda, anamanga pamutu wometa theka, analowa m'nyumba. Patatha masabata awiri Yotamu Daka anakhala mkulu wa mpingo.

Kumene ukupitako Daka aliko, usadzinamize. Sadzavala tayi, adzakhala ndi ndevu zoluka ndi kanyundo kolendewera pakhosi. Wandiuza wekha kuti pakati pa anthu a nyangawo alipo ena amene amati milungu imeneyo ndi ya magazi a azungu okha, munthu wakuda asagwire. Amenewo sindikuwaopa kwambiri, poti akamba poyera ndipo udzawadziwa. Ndikuopa amene adzakusekerera, adzayamikira mowa wako, adzajambulitsa nawe chithunzi, kenako tsiku limene kudzakhala mpando woti alimbirane, adzakwera pamsana pako. Paliponse pamene anthu asonkhana kuti achite mwambo, pamapezeka wina wofuna kukhala mwini mwambowo. Ukadzaona munthu wayamba kunena kuti uyu akutsira bwino, uyu akutsira molakwa, nyamula mwamuna wako muzikatsira kwanu awiri. Wamva?

Anandiika pa chilango. Ku mgonero osayandikira. Mpingo unakana kubatiza Masauso. Amayi ako anawavula bulauzi yoyera ya chigwirizano cha amayi, chinthu chimene ankachichapa ndi kuchisita ngati mwana. Sanandinyoze ngakhale tsiku limodzi, ankangolira akutsuka mbale, ndipo kumeneko kunandipweteka kuposa kunyoza. Itatha miyezi isanu ndi umodzi anati ndikhoza kubwerera ndikaulula pamaso pa mpingo. Mawu ake analemba ndi Daka, papepala la ku ofesi kwake, ndi zilembo zake zopendekera zija. Ndinaliwerenga panjira. Linati chimene chinkabwera kwa amayi anga m'maloto sichinali atate anga koma chiwanda, ndipo ine Yelemiya Mwale ndikulumbira kuti dzanja langa silidzatsiranso nsembe kwa akufa mpaka imfa yanga.

Apa ndi pamene ndinadziwononga ndekha, ndipo uwerenge kawiri. Ndinati mumtima, awa ndi mawu chabe. Kulibe Mulungu womva, kulibe chiwanda, kulibe mzimu. Ndingowerenga, mkazi wanga avale bulauzi yake, mwana abatizidwe, zithe. Ndinadziona wochenjera kuposa onse m'tchalitchimo. Ndinaima kutsogolo, ndinawerenga mokweza, mawu osanjenjemera. Zoona, Mulungu sanamve. Koma amayi anga anamva. Anali pa benchi yachitatu kumbali ya akazi, ndi duku lawo lakuda. Pobwerera kunyumba anayenda patsogolo panga osacheuka. Titafika pachitseko anati, "Ndamva, Yelemiya. Munthu amene ankakubisira nyama m'thumba la epuloni wamutcha chiwanda. Undiperekeze ku basi." Anabwerera ku Chadiza. Mvula yachiwiri isanathe anamwalira, chakuda chija chili pathupi.

Ndiye ulendo wachitatu wa nyanga yanu, wa kulumbira uja, usauyese wopepuka. Ndinali m'nyumba koma zenera linali lotsegula, ndinamva. Mnzanu wina analumbira kuti asiya fodya, anthu anaseka, iyenso anaseka. Iwe unalumbira kuti udzaphunzira chilankhulo cha apongozi ako chaka chisanathe. Uchiphunzire. Usadzati poti wa diso limodzi kulibe, ndiye palibe anamva. Anthu asanu ndi mmodzi anamva, ine wachisanu ndi chiwiri, ndipo iwe mwini unadzimva. Munthu wosakhulupirira alibe kothawira, Tika. Mkhristu akalakwa ali ndi womukhululukira. Iwe ndi ine tilibe. Chimene wakamba pamaso pa anthu chimakhala pomwepo. Nyanga ikafika ulibe chimene ungakwanitse, imwa chabe n'kupatsira mnzako.

Mwina ukuti, nanga adadi, lumbiro loipa chotero munalisungiranji? Ndinayesa kuliswa. Amayi atamwalira ndinagula mowa wamasese wa m'katoni, ndinakwera minibasi kupita ku Chingwere ndekha masana. Manda ndinawapeza movutikira, chitsulo cha nambala chitachita dzimbiri. Ndinatsegula katoni, ndinatambasula dzanja. Linakana kupendeka. Sikuti ndinaopa kanthu kochokera kumwamba. Ndinangomva mawu anga omwe aja, mokweza, mmene ndinawawerengera, ndi kuona msana wa amayi ukupita patsogolo panga. Ndinaona kuti ndikatsira mobisa chonchi, ndiye kuti ndanama kawiri: poyera ndinakana atate, mseri ndikukana mawu anga. Munthu wotsala pamenepo ndi ndani? Ndinapatsa mowawo anthu okumba manda, anandithokoza kwambiri, ndinabwerera. Kuyambira tsiku limenelo dzina la atate silinatulukenso m'kamwa mwanga. Pakamwa pamene panawatcha chiwanda ndinaona kuti sipayenera.

N'chifukwa chake unakula osalidziwa. Uli giredi faivi unabwera ndi homuweki yojambula mtengo wa banja, unandifunsa dzina la agogo, ndinati, "Lemba chabe Mwale." Unalemba. Aphunzitsi anachonga. Ndinaganiza kuti ndikudzilanga ndekha, osadziwa kuti ndikubera iwe. Ndiye lero tenga. Dzina lawo ndi Kachingwe Mwale, mwana wa Mlauzi Mwale. Amayi awo ankatchedwa aNabanda, dzina lawo lenileni sindinalimvepo, ndipo palibenso woti ndimufunse. Azungu a ku Kabulonga ankawaitana Jimu, ati Kachingwe n'lalitali. Anali amanzere. Ankaimba mluzu posita zovala. Sankadziwa kuwerenga, koma ankaphika keke yaukwati kuchokera m'mutu, ndipo iwo eni sanalaweko, ankati ndi chakudya cha anthu opanda mano. Agogo ako aakazi aNaphiri dzina lawo ndi Tilabilenji. Ulembe penapake pamene sipangatayike. Ndi ochepa poyerekeza ndi a Sitiyani, koma ndi ako.

Sindikubisira, chinthu china chimandiwawa mwa iwe. Zimene ine anandiimika nazo pamaso pa mpingo ngati wakuba, lero zabwera pa ndege ndi nyanga yopolishidwa, ndipo mwana wanga akuziona zokongola. Azungu ena ndiwo anaphunzitsa a Daka kuti kutsira mowa pansi ndi uchiwanda. Azungu enanso abwera kudzaphunzitsa iwe kutsira mowa pansi. Ife pakatipa tangokhala olandira. Unawerenga mabuku, unafufuza pa foni yako mpaka kudziwa kuti ngolo ya mkazi uja imakokedwa ndi amphaka angati, koma azakhali ako a Tisauke ali pa msika wa Chelstone pompa, akugulitsa tomato, ndi bona yense m'mutu mwawo, sunawafunsepo kanthu. Ndikudziwa, ndine ndinatseka chitseko chimenecho. Komabe zimawawa. Sindikuletsa milungu ya eni ake. Ukakwatiwa kumeneko, uzitsira nawo, ndi ulemu. Koma nyanga ikafika pa akufa, usadzabwerekenso agogo a Sitiyani.

Za amayi ako. Ndinakhala nawo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri osawauza kuti sindikhulupirira. Ndinkati ndikuwateteza. Kuchipatala, masiku awo omaliza, anandigwira dzanja, anati, "Bambo a Masauso, pempherani." Ndinapemphera. Nditati ameni anatsegula maso, anati, "Mapemphero anu ndi ouma ngati chimanga chokazinga, chiyambire kale. Koma pitirizani, ndimakonda kumva mawu anu." Mpaka lero sindidziwa ngati ankadziwa. Ndikanawafunsa, koma ndinachita mantha, ndipo mawa lake kunalibenso wofunsa. Tinagona bulangeti limodzi moyo wonse, ndipo chinthu chachikulu kwambiri mwa ine sanachimve kuchokera pakamwa panga.

Sitiyani wako amakhulupirira. Usandiuze kuti ayi, ndinamuyang'ana. Pamene anatchula uja wa nyundo anatseka maso. Anzanu ena aja ankayang'ana ngati foni ikujambula bwino, iye anali kukamba ndi wina. Wachita bwino kumuuza poyera pamene waima. Upitirize kumuuza, usadzayambe kunamizira kuti umusangalatse, poti bodza lotero likayamba silitha, ndine mboni. Koma usadzamusekenso. Mukadzakangana za mbale kapena za ana, usadzatenge mulungu wake kukhala ndodo yomumenyera. Ndipo tsiku limene adzadwala n'kukupempha kuti umutsirire, utsire ndi manja onse awiri, osati ndi nkhope ya munthu amene akuchitira mwana chifundo. Chimene ndinachita bwino kwa amayi ako ndi chimenecho chokha: atati pempherani, sindinafupikitse.

Jekete ija ya ku salaula, kumsika wa zovala zovalidwa kale, ukuti ndi yokwanira si yokwanira pa chisanu, ukagule ina kumeneko. Uziimba foni kwa Masauso, ngakhale amakulalikira. Ana akadzabadwa, mmodzi akhale ndi dzina loti azakhali ako angathe kulitchula.

Mwina ukuti zaka makumi anayi ndi zambiri, mdala akhululuke. Ndinatsala pang'ono. Chaka chatha ndinali pa siteshoni m'tauni kudikira minibasi ya ku Chelstone, galimoto yaikulu inaima, mwana wa Daka akuyendetsa, iye ali kumbuyo ndi ndodo yake. Anati kwera, ndinakwera. Tinakamba za mawondo, za shuga, za amene amwalira. Mtima wanga unayamba kufewa. Ndinati mwina naye chimamudya. Ndiye ndinati, "Yotamu, ukukumbuka dilamu ija?" Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Iwe Yelemiya, ukadasunga zimene zija? Ifenso bona wa amayi tinachita, ku Chadiza, mbiya zisanu ndi imodzi, anthu anavina mpaka fumbi. Koma kumudzi, m'bale wanga, kumene abusa safika. Iwe unachitira m'tauni, aneba akuona. Unalakwa malo chabe." Anandisisita pabondo. Ndinati, "Nditsitseni pano." Mwana wake anati, "Ba Mwale, tikalibe kufika." Ndinati ndafika. Ndinayenda pansi kuchokera ku Munali mpaka kunyumba, ndi mawondo omwewa, ndipo iwe unandikalipira kuti ndachedwa kumwa mankhwala.

Amayi ake a Daka anagona. Atate ake anavula zakuda. Iye anadziwa kuyambira pachiyambi kuti mu dilamu muja munalibe chiwanda. Ine ndekha ndiye ndinalipira, ndi amayi anga. Sindikhululuka, ndipo usandipemphe. Sindifunanso kuti apepese, kupepesa kwa munthu wotero ndi phokoso chabe.

Sindikupempha kuti usapite. Sindikupempha kuti ubwerere ku tchalitchi, ndingakutume bwanji kumene ine ndimangokatenthetsa benchi. Nyumba, maliro anga, bokosi, nyimbo, zonsezo Masauso achite mmene afunira, aitane ngakhale Daka adzalankhule, sindidzamva. Changa ndi chimodzi.

Ubwere mvula yachiwiri isanagwe, ine ndikali moyo. Upite kwa azakhali ako akuphunzitse kunyika chimera ndi kufulula, ndi manja ako, osati mowa wa uchi, wathu wamasese. Ufululire pano pa Chelstone, m'tauni, masana, geti yotsegula mbali zonse ziwiri, aneba aone. Ulembere Yotamu Daka kalata yomuuza tsiku ndi ola, abwere asabwere n'zake. Sitiyani akhalepo, ndipo ngati chikho chasowa, nyanga yake igwire ntchito. Ugwade, utchule Kachingwe Mwale mokweza, utchule Tilabilenji, uwauze kuti maliro atha, utsire mpaka dontho lomaliza. Ine sindigwira, ndinalumbira. Ndidzakhala pampando wanga pakhonde, ndipo ulendo uno sindidzanyamuka.

Ukachedwa n'kupeza ndapita, usadzavutike kufulula. Sindidzamva, ndipo iwe ndi ine tikudziwa zimenezo.

Ndine atate ako,
Yelemiya Mwale